Mutu wa Mbali Imodzi Womvera Mankhwala Amodzi Okha

Ambirife timaudziwa mutu waching'alang'ala. Koma ine ndikufuna ndikambeko za mutu wina wosowa kwambiri umene madokotala amautcha paroxysmal hemicrania. Anayamba kuufotokoza ndi madokotala awiri a ku Norway, Ottar Sjaastad ndi mnzake Dale, m'chaka cha 1974.

Kodi umadziwika bwanji? Ululu wake umabaya mbali imodzi yokha, kuzungulira diso ndi cham'mbali mwa mphumi. Umatenga mphindi 2 mpaka 30, n'kuleka, kenaka n'kubweranso koposa kasanu pa tsiku. Diso la mbali imeneyo limafiira ndi kulengeza misozi, ndipo mphuno imatsekeka kapena kuchucha mamina.

Chimene chandichititsa chidwi ndi chakuti mutu umenewu sumva panado. Umamvera mankhwala amodzi, dzina lake indomethacin. Dokotala amayamba ndi mamiligalamu 25 katatu pa tsiku, ndipo amawonjezera pang'onopang'ono mpaka 150 pa tsiku, nthawi zina 225. Mlingo ukakwana, ululu umatheratu, kawirikawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Madokotala amagwiritsa ntchito mankhwalawa ngati mayeso: ngati mlingo wokwanira sunathetse mutu, ndiye kuti nthendayo ndi ina.

Pali mutu wina wofanana nawo wotchedwa cluster headache. Uwu umatenga mphindi 15 mpaka maola atatu, ndipo umagwira kwambiri amuna. Umathetsedwa ndi mpweya wa okosijeni kapena jekeseni ya sumatriptan, ndipo verapamil ndiye amauletsa kubwerera. Indomethacin kawirikawiri sauthandiza. Mukuona tsono kuti dokotala akaphonya dzina la nthenda, wodwala angathe kuvutika zaka zambiri mankhwala ake alipo.

Komabe indomethacin si masewera. Amayambitsa zilonda za m'mimba, kutaya magazi m'matumbo, ndiponso amaononga impso. N'chifukwa chake amamwedwa munthu atadya, pamodzi ndi mankhwala oteteza m'mimba monga omeprazole. Amayi oyembekezera ndi anthu a zilonda za m'mimba ayenera kumuuziratu dokotala.

Tsono anzanga ndi inu makolo athu, wina akamadwala mutu wa mbali imodzi, alembe nthawi imene wayamba, mphindi zimene watenga, ndi kangati pa tsiku. Pepala limenelo apite nalo kuchipatala, osati kukagula mapiritsi pagolosale mongoganizira. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula.