Phunziro 17: Masamu a Magetsi Athu

Mwezi wa Juni kuno ku Angónia kumazizira kwambiri. Mvula yatha. Ndiyo nthawi yothirira kabichi ndi mbatata ya kachewere kudimba. Koperativa yathu inagula sola, batire la mavolti 12 ndi pampu yaing'ono. Masana batire limayendetsa pampu. Madzulo limayatsa mababu m'nyumba yosungiramo mbewu, momwe timaphunzirira kuwerenga.

Tsiku lina tinawonjeza babu lachitatu, fyuzi n'kupsa. Mnzathu wina anamanga kawaya pamalo pa fyuziyo, nawonjezanso mababu ena awiri. Kunawala bwino, tonse tinakondwa. Posakhalitsa tinamva fungo la pulasitiki. Waya anali atatentha! Pamwamba denga la udzu, pansi matumba a mbewu ya chimanga. Tikanataya mbewu ya chaka chonse.

Tiyeni tione chimene chinachitika.

Magetsi sitiwaona, koma madzi timawadziwa. Tikaika thanki pachulu, madzi amatsika m'paipi ndi mphamvu. Kukankha kumeneku, pa magetsi, timakuyeza ndi mavolti. Kuchuluka kwa madzi oyenda m'paipimo kuli ngati maampu. Paipi ikakhala yopyapyala kapena yaitali, imakaniza madzi. Waya ndi babu nazonso zimakaniza magetsi, ndipo kukanizako timakuyeza ndi maomu. Dzinali ndi la Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene analemba lamulo lake mu 1827. Ntchito imene magetsi akugwira, kuwala kapena kupopa madzi, timaiyeza ndi mawati.

Tilembe m'makope mwathu:

mavolti × maampu = mawati
mavolti ÷ maampu = maomu

Babu lathu limodzi limakoka maampu 2 pa batire la mavolti 12. Tichulukitse: 12 × 2 = 24. Babulo ndi la mawati 24. Tsopano tigawe: 12 ÷ 2 = 6. Likamayaka limakaniza ndi maomu 6. Si zovuta, eti? Ndi masamu omwe aja timachita pogawana matumba a feteleza.

Pa fyuzi yathu panalembedwa 5A, ndiko kuti maampu 5. Mababu awiri amakoka 2 + 2 = 4. Fyuzi inalola. Lachitatu linafikitsa pa 6, fyuzi n'kuduka. Sinalakwe ayi, ndiyo ntchito yake: imapsa yokha kuti nyumba isapse. Titaichotsa, mababu asanu anakoka maampu 10 kudzera m'waya wopyapyala, popanda mlonda. Maampu akachuluka, waya amatentha.

Tinagula fyuzi ina ya 5A ndi mababu a LED. Limodzi limakoka theka la ampu. Theka la 12 ndi 6, choncho ndi mawati 6 okha. Mababu anayi otere amadya mofanana ndi babu limodzi lakale lija.

Nanga pampu? Pambali pake panalembedwa 60W. Apa tikudziwa mawati ndi mavolti, tikufuna maampu. Tigawe: 60 ÷ 12 = 5. Pampu imafuna maampu 5, n'chifukwa chake ili ndi waya wake ndi fyuzi yake. Poyamba inkapopa mofooka, ena n'kumati wogulitsa watinamiza. Vuto linali waya. Tinali titakoka waya wautali, wopyapyala, kuchokera pa batire mpaka pachitsime. Lamulo la Ohm tikalitembenuza limati maampu × maomu = mavolti. Waya akakhala ndi omu 1, napitamo maampu 5, ndiye 5 × 1 = 5. Mavolti 5 athera m'njira, pampu yatsala ndi 7. Titasendeza batire pafupi ndi chitsime n'kuika waya wonenepa, madzi anafika mpaka kumabedi akumtunda.

Masamu omwewa ndi amene amagwira ntchito ku Songo, m'chigawo chathu chino cha Tete. Damu la Cahora Bassa linatseka mtsinje wa Zambezi mu 1974. Makina ake asanu amatha kupanga mawati 2,075 miliyoni. Magetsi ambiri amapita ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg, ulendo woposa makilomita 1,400. Waya wautali chotero akanadya magetsi onse m'njira. Tsono amisiri anakonza mawayawo kuti azinyamula mavolti 533,000. Mavolti akakwera, mawati omwewo amayenda ndi maampu ochepa, ndipo waya satentha kwambiri.

Chenjezo, anzathu: magetsi a m'nyumba za ku Ulongue ndi pachigayo si a batire. A m'nyumba ndi mavolti 220, ndipo amapha. Amenewo tiwawerengere papepala pokha, mawaya ake tiwasiyire amisiri.

Tiyankhe m'magulu a anthu atatuatatu:

1. Ayironi ya mavolti 220 imakoka maampu 5. Ndi mawati angati? Nanga maomu?
2. Mababu asanu akale aja onse pamodzi anali mawati angati?
3. Tikayatsa mababu a LED 8, fyuzi ya 5A ipsa kapena ayi? Tifotokoze chifukwa chake.
4. Mawa aliyense abwere ndi chinthu chimodzi cholembedwa V, A kapena W.