Makalata a Omvera: Eni Chuma Amayang'ana Chiyani Pogula Masheya?

Zikomo bambo athu a ku Mchinji chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa chimene chimachititsa eni chuma ena kupewa makampani oononga chilengedwe kapena thanzi la anthu.

Choyamba ndi chikumbumtima. Mu 2010, boma la Norway linalengeza kuti thumba lake la ndalama za mafuta lachotsa ndalama m'makampani opanga fodya. Inu alimi a fodya, nkhani iyi ikukukhudzani.

Chachiwiri ndi kuopa kuluza. Chaka chomwecho, chitsime cha mafuta cha kampani ya BP chitaphulika ku Gulf of Mexico, mtengo wa masheya a kampaniyi unagwa pafupifupi ndi theka m'miyezi iwiri yokha. Kampani yosasamala imalipitsidwa chindapusa, ndipo olira ndi eni masheya.

Tilembereninso, bambo.