Sutikesi ya malemu wojambula

Mafoni asanabwere, dera lililonse linali ndi wojambula wake. Ankayenda pa njinga yakapalasa, kamera ili lende pakhosi, ndipo tsiku la malipiro kumaesiteti sankapuma. Mmodzi mwa iwo anali mkulu wina wa kufupi ndi Luchenza, m'boma la Thyolo, amene kamera yake yoyamba anaigula ku Joni ali pa TEBA. Atabwerako anajambula othyola tiyi, maukwati, zinkhoswe, makanda pa ubatizo, ngakhale maliro. Filimu ankakatsukitsa ku Blantyre, zithunzi n'kupereka kwa eni ake, manegetivi n'kusunga m'sutikesi yachitsulo imene inkakhala pamwamba pa kabati.

Mkuluyo atamwalira, sutikesi ija inakhala pomwepo zaka zingapo. Chakumapeto kwa 2022 mkazi wake wamasiye anaitanitsa mdzukulu wa mng'ono wake, mnyamata wa ku Bangwe amene ankajambula maukwati ndi kamera yamakono yobwereka kwa mnzake.

"Mwanangu, zinthu izi zikungokhala. Agogo ako ankadyera momwemu. Tenga, mwina nawe ungapezerepo sopo."

"Zikomo kwambiri agogo, Mulungu akudalitseni," anatero mnyamatayo uku akuwomba m'manja.

M'sutikesimo munali makamera atatu: Pentax K1000, Yashica Electro 35 ndi Zenit-E. Munalinso fulashi ya Vivitar 283, mabotolo a mankhwala otsukira zithunzi, mafilimu osagwiritsa ntchito, ndipo pansi penipeni maenvulopu ankhaninkhani olembedwa ndi bolopeni dzina la mudzi ndi chaka. Mnyamatayo anali ataona pa Instagram kuti achinyamata a ku London ndi Johannesburg akulimbirana makamera akalewa. Sanalakwe pamenepo: filimu yayambanso kukondedwa, moti mu 2024 Pentax inatulutsa kamera yatsopano ya filimu. Mtima uli dyokodyoko, anakhuthulira maenvulopu aja m'katoni, n'kuika katoniyo pansi pakona, kuti sutikesi anyamuliremo makamera.

Choyamba chinaonongeka asanafike n'komwe ku Limbe. Ali m'minibasi anatulutsa Pentax ija, n'kukoka kachitsulo kakumanzere, chitseko chakumbuyo n'kutseguka. Munali filimu. Malemuwo anali atajambula theka, osamaliza. Filimu yojambulidwa imatha kusunga chithunzi zaka makumi angapo ili mumdima, makamaka yakuda ndi yoyera, koma ikaona dzuwa kamphindi kokha, gawo limene latuluka m'kachitini kake limatha kupsa. Pofunika panali kudina kabatani kapansi pa kamera, kupukusa filimu kuti ibwerere m'kachitiniko, kenako n'kutsegula. Zimene malemuwo anajambula komaliza palibe amene adzazione.

Kenako inabwera nkhani ya mabatire. Yashica Electro 35, imene inayamba kupangidwa mu 1966, imayendera batire ya mercury ya mavoti 5.6, ndipo mabatire amtunduwu analetsedwa kalekale chifukwa mercury ndi poizoni. Anazungulira masitolo a ku Limbe osaipeza. Zenit-E, ya ku Soviet Union, siifuna batire, koma kachipangizo kake koyezera kuwala kamafooka ndi ukalamba, ndipo aka kanali katafa. Inatsala Pentax K1000, imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997. Imeneyi ndi kamera yolimba zedi: imajambula popanda batire, kabatire ka LR44 n'kongoyezera kuwala. Ataimva ikulira bwinobwino, mnyamatayo anati basi zatheka.

Asanafike pa filimu anayamba wapalamula ndi fulashi. Pa chinkhoswe china madzulo anaimangirira pa kamera yobwereka ija poona kuti ikukwana pamalo pake. Zoona, imakwana. Koma ma Vivitar 283 oyambirira amatha kutumiza mavoti oposa 200 kudzera pamalo olumikizirapo, pomwe makamera ena amakono amapirira mavoti 6 okha. Kuchokera tsiku limenelo kamera ya mnzakeyo sinayatsenso fulashi iliyonse, ndipo ngongole inayambira pomwepo. Poti aone chavuta n'chiyani, anamasula fulashi ija ndi sikuludiraiva, n'kugwidwa ndi magetsi mpaka dzanja kuchita dzanzi. M'kati mwa fulashi mumakhala kachipangizo kosunga mavoti pafupifupi 300 ngakhale mabatire atachotsedwa. Si chinthu chosiyira ana kuti aziseweretsa.

Mafilimu a m'sutikesi aja anali atapitirira masiku awo kalekale, komanso ataphikika ndi kutentha kwa malata. Ena anali Kodachrome, amene Kodak inasiya kupanga mu 2009, ndipo malo omaliza padziko lonse owatsuka mwamitundu, Dwayne's Photo ku Parsons m'chigawo cha Kansas, anasiya kulandira mafilimuwa kumapeto kwa 2010. Masitudiyo amene anayendako anamuuza kuti makina otsukira filimu anawachotsa, tsopano amangosindikiza za pafoni ndi pamemore. Choncho anatuma mnzake wa ku Joni kuti amugulire mafilimu awiri a zithunzi 36 iliyonse, n'kumutumizira pabasi.

Apa ndiye mtima umandiwawa. Munthu wanzeru akanayesa kaye filimu imodzi pa nkhuku ndi mitengo yapakhomo. Iye anapita nayo ku ukwati wa anthu, atawalonjeza zithunzi zokhala ngati za makolo awo. Mafilimu anabwerera ku Johannesburg kukatsukidwa, panapita milungu, ndalama zinapita. Zithunzi zitafika, chilichonse chinali ndi mzere wofiira chodutsa, nkhope zili mbuu. Ukwati subwerezedwa. Ankhoswe anabwera kudzafuna ndalama zawo, ndipo anali ndi chifukwa.

M'pamene anakumbuka kufunsa. Anapita kwa mkulu wina wokonza mawotchi ndi makamera pakhonde la sitolo. Mkuluyo anatsegula chitseko cha Pentax, n'kukhudza m'mphepete, chala n'kutuluka chakuda, chomata.

"Achimwene, apa panali siponji yotchinga kuwala. Ikakalamba imasungunuka. Ndikanakuikirani ina pamtengo wochepa kwambiri."

Anachotsa lenzi n'kuiloza kudzuwa. M'kati mwa galasi munali timizere toyanga.

"Iyi ndi nkhungu. Ku Thyolo n'kwa chiperoni, chinyontho sichitha. Ikangoyamba kumene imapukutika, koma ikakhalitsa imadya galasi. Musaiyandikize ndi malenzi ena. Safunsa adadya phula, achimwene."

"Ndamva, madala."

"Nanga mwini wake wa zinthuzi manegetivi ankasunga kuti?"

Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa.

Imeneyo inali April 2023. Mwezi wa March mphepo yamkuntho ya Freddy inali itagwetsa mvula masiku otsatizana ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena akumwera, kupha anthu mazanamazana ndi kugumula nyumba zosawerengeka. Nyumba ya agogo aja sinagwe, koma madzi analowa mpaka m'akakolo. Pamwamba pa kabati, pamene pankakhala sutikesi, panali pouma. Katoni ija inali pansi. Mnyamatayo atafika anapeza maenvulopu ataumbika pamodzi, manegetivi atamatana, ndipo akati alekanitse, chithunzi chinkasendeka n'kutsala pachala. Negetivi yonyowa imapulumutsika ngati itsukidwa ndi madzi oyera n'kuyanikidwa pamthunzi msangamsanga. Izi zinali zitakhala milungu.

Agogo aja sanakalipe. Anangomuuza kuti chigwereni mvula, anthu akhala akufika pakhomo. Wina nyumba inagwa, chithunzi chokhacho cha bambo ake n'kupita ndi matope. Wina akufuna chithunzi cha mayi ake choti aike pachiliza. Wina mwana wake anakokoloka ndi madzi, ndipo akukumbuka kuti pa ubatizo anajambulidwa ndi malemuwo. Onse ankadziwa kuti mkuluyo sankataya negetivi.

"Ndimawauza kuti adikire, mdzukulu wanga abwera. Nanga tsopano ndiwauze chiyani, mwanangu?"

Makamera atatu aja anapangidwa ochuluka zedi, ndipo wofuna ina atha kuipeza ku Johannesburg mawa lomwe. Maenvulopu aja analibe anzake kwina kulikonse. Mnyamatayu sanali woipa mtima; anangoona chonyezimira, ndipo ndi mmene ambiri a ife tikanachitira. Ndikudandaula chifukwa masutikesi oterewa adakalipo m'nyumba zambiri, ndipo eni ake akutha.

Inu amene wachibale wakupatsani katundu wotere, landirani ndi manja awiri, koma musatsegule kamera musanaone ngati muli filimu, ndipo pitani nayo kaye kwa wodziwa musanalonjeze munthu chithunzi. Mankhwala a m'mabotolo musathire kudimba kapena pafupi ndi chitsime. Ena amayabwa pakhungu, ena amapha nsomba. Koposa zonse yambani ndi manegetivi. Agwireni m'mphepete, asiyeni m'maenvulopu awo olembedwawo, akhale pamwamba, pouma ndi pozizira. Amene akununkha ngati viniga ayamba kuonongeka, apatuleni kuti asaononge anzawo. Negetivi imatheka kuijambula ndi foni mutaiika pa kuwala koyera, foniyo n'kutembenuza mitundu, nkhope n'kuoneka. Ngati achuluka moti simungathe kuwasamala, kafunseni ku National Archives ku Zomba kapena ku Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, kumene amasunga zithunzi zakale za dziko lino. Chitani zimenezi mvula ya chaka chino isanayambe.