Masamba a M'mbali mwa Msewu Amaulula Mpweya Umene Tikupuma

Tengani kansalu koyera konyowa, mupukute tsamba la mango a m'mphepete mwa msewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre, kapena a pafupi ndi depoti ya mabasi ku Lilongwe. Kansaluko kada bii. Mukapukuta tsamba la mango a kuseri kwa nyumba, kutali ndi msewu, kangothimbirira pang'ono. Zakuda zimenezo ndi zomwe amayi ogulitsa tomato ndi anyamata a kabaza amapuma tsiku lonse pamsewupo.

Tsamba limaoneka losalala, koma lili ndi timizere, kaphula komata, ndipo ena ali ndi tiubweya. Popeza mtengo susuntha, umakola usana ndi usiku mwaye wotuluka ku ekizozi, makamaka ya galimoto za dizilo, pamodzi ndi tizidutswa ta matayala ndi mabuleki akamaperepeseka. M'fumbi limeneli muli chitsulo, ndipo chitsulo chimakokedwa ndi maginito. Ndiye akatswiri amathyola masamba a mitengo ya mtundu umodzi m'misewu yosiyanasiyana, n'kuwayeza ndi makina a maginito. Kumene kwapezeka chitsulo chambiri ndi kumene mpweya waipitsidwa kwambiri ndi galimoto. Makina oyezera mpweya weniweniwo ndi okwera mtengo ndipo sangaikidwe pamphambano iliyonse, pamene mitengo ili kale pamalopo.

Wina anganene kuti limenelo ndi fumbi wamba la m'chilimwe. Zoona, fumbi la dothi liliponso, koma ilo limakhala lofiira kapena lotuwa, pamene mwaye ndi wakuda, ndipo kudako kumachepa mukamatalikira msewu. Winanso angati mvula imatsuka zonse. Imatsukadi zambiri, n'chifukwa chake masamba amathyoledwa patapita masiku angapo popanda mvula. Komanso tsamba silionetsa mipweya ina yakupha imene sioneka ndi maso, choncho limatiuza mbali chabe. Komabe mbali imeneyo ndi yokwanira kutichenjeza, pakuti tifumbi tating'onoting'ono timeneti timalowa mkati mwenimweni mwa mapapo n'kukulitsa chifuwa, mphumu ndi matenda a mtima.

Tsono taganizani za masamba amene timagwiritsa ntchito pakhomo. Munthu akadwala chimfine timathamangira bulugamu wofukizira, nimu kapena masamba a gwafa, ndipo kawirikawiri timathyola pamtengo wa pamsewu poti ndiwo wapafupi. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma sikuchotsa zitsulo: zimangosukulukira m'madzi amene wodwalayo amwe. N'chimodzimodzi bonongwe ndi chisoso zomera m'ngalande za misewu ikuluikulu. Petulo wa mtovu analetsedwa m'maiko a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara pofika chaka cha 2006, koma mtovu suola, udatsalira m'dothi la m'mbali mwa misewu yakale, ndipo umaononga ubongo wa ana.

Thyolani mankhwala ndi ndiwo kutali ndi msewu, mutsuke ndi madzi ambiri musanaike pamoto. Ufa, mphale ndi mfutso muziyanika kuseri kwa nyumba, osati pamphasa m'mbali mwa msewu wa tala.