PHUNZIRO: MANDA A KU MAGOMERO NDI MALO OKHALA CHETE

Tiwerenge: Marko 6:30-32 ndi Genesis 35:19-20

Amayi anzanga mwa Ambuye, ambiri timadziwa kuti mpingo wathu unayambira ku Magomero m'chaka cha 1861, pamene Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a UMCA anafika pamodzi ndi David Livingstone. Koma ndi angati amene tinakaimapo pa manda a wansembe Henry Burrup amene ali kumeneko? Kuchokera kuno ku Naisi ndi ulendo wa tsiku limodzi, kupita ndi kubwera.

Mu Januwale 1862 Bishopu ndi Burrup anatsikira ku Shire kukachingamira amayi awiri: Anne, mlongo wake wa Bishopu, ndi mkazi wa Burrup. Bwato linagubuduka, mankhwala a kwinini anapita ndi madzi. Bishopu anadwala malungo, namwalira pa 31 Januwale pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Burrup, wodwala naye, anamuika m'manda kukuda, nanena mapemphero amene anatha kunena. Anamunyamula kubwerera ku Magomero, ndipo mu Febuluwale anatsikira kuli chete. Amayi aja anafika kwa Chibisa mu Malichi, namva za imfa ziwirizo.

Monga namwino wakale, nkhani ya kwinini imandiwawa. Mankhwala analipo, anasowa pa ola lofunika. Koma amene sachoka m'mtima mwanga ndi Mayi Burrup: ukwati wa miyezi yochepa, ulendo wautali wa panyanja, ndipo pofika palibe maliro oti alire, mwamuna anaikidwa kale.

Ndimawadziwa amayi otere. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta, m'wodi mwathu tinkatseka maso a anthu angapo usiku umodzi. Pachipatalapo panali kachipinda kopemphereramo, mabenchi awiri ndi mtanda. Ndikaweruka m'mawa ndinkakhalamo pang'ono. Sindinkaimba, nthawi zina ngakhale kupemphera sindinkatha. Ndinkangokhala. Masiku amene ndinalumpha kachipindako, ana kunyumba ndiwo ankalandira ukali wanga.

Pa Marko 6 Yesu anaona kuti ophunzira ake analibe mpata ngakhale wakudya, nawatengera kwa okha kukapuma. Taonani, sanawapatse ntchito ina. Yakobo naye anaimika mwala pa manda a Rakele, kuti chisoni chikhale ndi malo ake.

Ife amayi pamaliro ndife ophika, otunga madzi, oimba usiku wonse m'siwa. Timachita bwino. Koma pakapita sabata ziwiri anthu abalalika, namfedwa amalira kuti? Kumanda mwambo sumulola kupita yekha popanda kupempha kwa amfumu. Kunyumba kuli ana ndi mbuzi. Tchalitchi timatseka ndi loko Lamulungu masana, poopa akuba, ndipo ine ndikuti pamenepa tikulakwa.

Sitikusowa njerwa zambiri. Mthunzi wa mtengo kuseri kwa tchalitchi, posesa bwino, benchi limodzi ndi mtanda wamatabwa zikwana. Lamulo likhale limodzi: wokhala pamenepo asafunsidwe chimene chamuvuta, ndipo pasakambidwe za zopereka.

Zokambirana m'magulu:

1. Kodi m'parishi mwanu muli malo amene mayi angakhale yekha osamunena kuti wakwiya?

2. Ndani angasunge kiyi wa tchalitchi tsiku limodzi pasabata, ndipo tikawauza bwanji Abambo ndi akuluampingo?

3. Tchulani mumtima amayi amene anaferedwa chaka chino. Munawayendera liti kuchokera tsiku la maliro?