Mankhwala a Matchaina a m'mimba ndi kufooka: mlimi adziwe izi asanagule

Alimi anzanga, nyengo ya kupalira ndi kubandira ikafika ambiri timadandaula kuti thupi lalobodoka, m'mimba mukudzaza mpweya ndipo nsima sikulowa. Tsiku lina pa msika ndinaona bambo wina akupereka ndalama zimene anasungira feteleza wobereketsa kuti agule kabotolo kolembedwa Chitchaina, poti wogulitsa anamuuza kuti ndi mankhwala obwezera mphamvu. Ndiye ndati sabata ino tikambirane za mankhwala amenewa.

Asing'anga a ku China amayerekeza mimba ndi mphika umene uli pamoto. Moto ukachepa chakudya sichipsa, ndipo thupi silipeza mphamvu imene iwo amaitcha qi. Zizindikiro zake amati ndi kusafuna kudya, kutupa mimba ukangodya, chimbudzi chamadzimadzi, mawu otsika ndi kulemera kwa manja ndi miyendo.

Sing'anga amene anatchuka pa nkhaniyi ndi Li Dongyuan, yemwe anabadwa mu 1180 ndi kumwalira mu 1251. Mzinda wa Kaifeng utazingidwa ndi ankhondo a Chimongolia mu 1232, anthu ambiri anafa ngakhale nkhondo itadutsa. Iye anati chinawapha ndi njala, kudya mosatsata nthawi ndi ntchito yakalavulagaga, zimene zinawononga mimba zawo. Kodi si momwe timakhalira ife mu Januwale ndi Febuluwale, kulawirira kumunda chamimba pepuu n'kudzadya kamodzi dzuwa litapendeka?

Mankhwala odziwika kwambiri a vutoli ndi Si Jun Zi Tang, amene analembedwa m'buku la boma pa nthawi ya mafumu a Song. Muli zinthu zinayi: muzu wa ginseng, muzu wa bai zhu, fu ling amene ndi mtundu wa bowa womera pa mizu ya mitengo ya paini, ndi muzu wotsekemera wa gan cao wokazinga mu uchi. Amaziwiritsa pamodzi n'kumwa madzi ake. Li Dongyuan naye anakonza ake a zinthu zisanu ndi zitatu otchedwa Bu Zhong Yi Qi Tang.

Tsono pali zitatu zoti musamale. Choyamba, gan cao akamwedwa masiku ambiri amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kutupitsa miyendo, choncho ndi woopsa kwa odwala BP ndi amayi oyembekezera. Chachiwiri, simungadziwe chimene chili m'botolo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 ku Belgium, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe munalowa molakwika chomera cha Aristolochia. Chachitatu, kufooka kuli ndi magwero ambiri: kuchepa kwa magazi, malungo, njoka za m'mimba, likodzo, shuga, TB ngakhalenso HIV. Zonsezi zimafuna kupimidwa kuchipatala, ndipo wochedwa ndi kabotolo amapatsa matenda mpata wokula.

Sindikunena kuti zitsamba za ku China n'zachabe. LA amene dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito pa malungo mu 2007 ali ndi mankhwala ena ochokera ku chitsamba cha qinghao, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyo. Kusiyana kwake n'kwakuti LA anayesedwa ndipo mlingo wake ukudziwika.

Nanga mlimi angalime chiyani? Ginseng musavutike naye. Amafuna kuzizira ndi mthunzi wa nkhalango za ku Jilin, ndipo amatha zaka 4 mpaka 6 asanakumbidwe. Koma zinthu zina zimene Matchaina amathira m'mankhwala a m'mimba tili nazo kale. Jinja amathandiza pa mseru, ndipo amachita bwino kwathu kuno. Dulani tizidutswa tokhala ndi maso awiri, bzalani motalikana masentimita 30 pa nthaka yofewa ya manyowa pomwe madzi sadikha, phimbirani ndi udzu, ndipo mudzakumba pakatha miyezi 8 mpaka 10 masamba akauma. Makoko a manachesi, amene anzathu a ku Mwanza amangotaya, ku China amawayanika n'kuwasunga zaka, ndipo amawatcha chen pi. Nawo masau a ku Chigwa cha Shire ndi pachibale ndi zipatso zofiira za da zao zimene iwo amawiritsira pamodzi ndi jinja.

Phunziro lalikulu la Li Dongyuan silifuna ndalama. Imwani phala lotentha lothira nsinjiro musanagwire khasu, pumulani dzuwa likakhala paliwombo, ndipo musamadikire madzulo kuti mulawe chakudya. Kufooka kukapitirira sabata ziwiri, kapena mukaona kuti mukuwonda kapena chimbudzi chili ndi magazi, thamangirani kuchipatala. Ndalama ya feteleza igule feteleza.