Macheka a Patebulo Kapena Makina Achiwiri Ochita Zonse?

Tsegulani makope, ana anga. Funso la lero ndi la kalipentala amene ali kale ndi makina amodzi ogwira ntchito zingapo: kupala, kucheka ndi kuboola. Wapeza kandalama. Agulenso ena otero, kapena agule macheka a patebulo, ongocheka basi?

Kuno ku Kasenengwa, boma limene linapatulidwa ku Chipata mu 2018, funsoli lili ndi mwini. Maphunziro aulere atayamba mu 2022 ana anadzaza m'makalasi, ena n'kumakhala pansi. Chaka chomwecho ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zina mwa izo zimagula madesiki. Tsono desiki ndi ntchito yobwerezabwereza: thabwa la pamwamba, la pokhala, la poika mabuku, muyeso womwewo mpaka dzuwa kulowa.

Apa ndi pamene makina ochita zonse amakugwira mwendo. Ang'onoang'ono ambiri ali ndi mota imodzi, ndiye amagwira ntchito imodzi pa nthawi imodzi. Ukafuna kupala uli pakati pocheka, uzimitse, umasule chitsulo chotsamirapo thabwa, usinthe, uyezenso. Pobwerera ku macheka muyeso uja wasuntha pang'ono, mwina mamilimita 2 okha, koma polumikiza mpata umaonekera, ndipo guluu sabisa mpata. Mnzako wothandiza nthawi yonseyi wangoima, manja m'thumba. Macheka a patebulo umatchera kamodzi m'mawa. Mmodzi akupala uku, wina akucheka uko. Ine kwa munthu wa madesiki, zitseko ndi mafelemu ndimati gula macheka.

Makina achiwiri ochita zonse ali ndi ubwino wake, sindikana. Oyambawo akamafa kawirikawiri, zitsulo zake n'kumachita kuitanitsa ku Lusaka, achiwiri amakupulumutsa. Koma walipira kawiri chopalira ndi choboolera, pamene chimene chimakuchedwetsa ndi kucheka.

Lembani izi, chifukwa zala sizimeranso. Kumbuyo kwa sowo ya macheka a patebulo kumakhala kachitsulo kopyapyala kopindika. Mlombwa, umene ambiri kuno amati mukwa, ukakhala wosaumitsitsa umatha kutsekeka pamene wachekedwa n'kupana sowo, ndipo mano akumbuyo amanyamula thabwa n'kuliponya pamimba pako. Kachitsuloko kamaletsa zimenezo. Macheka opanda iko musagule, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Thabwa likatsala pang'ono kutha, kankhani ndi kamtengo, osati dzanja, ndipo imani chapambali. Pa sowo ya mamilimita 250, ya mano 24 ndi yong'ambira m'litali, ya mano 60 yodulira chopingasa.

Musanapereke ndalama, werengani kachitsulo kolembedwa pa mota. Ikati 400V, ikufuna magetsi a mafezi atatu, pamene a ZESCO a m'nyumba zathu ndi a 230V. Kumbukiraninso 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene magetsi ankazimira pafupifupi tsiku lonse. Mukadalira jenereta, dziwani kuti mota imakoka mphamvu yochuluka kangapo pongoyamba kuzungulira, choncho jenereta yaing'ono imagonja.

Loweruka wopita ku Chipata akaime pa kalipentala wa makina ochita zonse, awerenge kuti pa ola limodzi wazimitsa kangati kuti asinthe. Lolemba tiyambira pa nambala zimenezo.